Kadontho ka Nyumba 217

Nkhaniyi anayamba kundiuza ndi Lenard, wa kabaza wa pa Muloza, tsiku lomwe tayala la njinga yake linaphwa tili pakati pa minda ya tiyi. Ndinamukwera kuti akanditule kwa Limbuli, koma tinathera pansi pa mtengo wa mapeyala, iye akumata chubu, ine ndikumukama nkhani. Ndiyo ntchito yanga, ngati ingatchedwe ntchito. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndakhalapo mlonda, ndathyolapo tiyi, ndasenzapo matumba ku Luchenza, ndipo palibe pomwe ndinadyapo mango a mtengo umodzi zaka zitatu zotsatana. Anzanga anasonkhanitsa ana ndi malata. Ine ndinasonkhanitsa nkhani za anthu osawadziwa.

Lenard ankadziwa za kukumba zokha, poti anali m'gulu la okumbawo. Zina zonse ndinakazimva kwa Marjory mwiniwake pa Chitakale, nditamuvutitsa masiku atatu. Ndazilumikiza momwe ndathera.

Chilimwe cha 2022 kunabwera anthu a ku yunivesite kudzachita kafukufuku m'midzi ya m'tsinde mwa phiri. Mkulu wawo anali Dokotala Sheila, dokotala wa zachuma, wosadziwa ngakhale kubaya jakisoni. Funso lawo linali lakuti: fakitale ya tiyi ikakhala pafupi, kodi mabanja ogulitsa masamba kumeneko kapena ogwirako ntchito amatukuka, kapena amangokalamba ndi dengu kumsana? Analemba anthu ophunzira a konkuno kuti aziyenda khomo ndi khomo ndi mafunso. Mmodzi wa iwo anali Marjory, mphunzitsi amene anali akudikirabe kuitanidwa kuntchito. Anamutenga chifukwa Chilomwe amachimva.

Aliyense anapatsidwa tabuleti, chifoni chachikulu chija cholembapo ndi chala. Malamulo ake anali awiri. Loyamba, ukafika pakhomo uime pachitseko penipeni n'kudina batani, makinawo alembe malo a nyumbayo ngati kadontho pa mapu, kuti chaka china adzathe kuipezanso. Lachiwiri, makinawo ankajambula mawu onse, kuti mabwana adziwe kuti wafunsadi munthu, sunangokhala pansi pa mtengo n'kumadziyankha wekha.

Nyumba zonse zinali mazana anayi. Ya nambala 217 inali ya mayi Rosaria ndi amuna awo a Agostino. Mayiwo anali ndi kamunda ka tiyi kamtunda kwa mudzi. Bambowo anabwera kuchokera ku Milange nthawi ya nkhondo, ali mnyamata, nakwatira komweko, ndipo ankasonkhezera nkhuni kung'anjo ya fakitale. Mwana sanapatsidwe. Anali awiriwiri basi.

Za Malichi wa 2023 simufuna kuti ndikuuzeni. Namondwe wa Freddy anabwera, mvula n'kugwa masiku atatu osapuma. A Agostino anali kufakitale, mtsinje unadzaza, analephera kuwoloka. M'mawa wa tsiku lachitatu phiri linang'ambika. Ena amati napolo anadutsa, ophunzira amati dothi linakhuta madzi. Atawoloka a Agostino anapeza mudzi kulibe. Si kuti nyumba zinagwa ayi. Panalibe pogwera. Panali miyala yokhayokha, ina yaikulu ngati tchalitchi, itayalana kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, ndi mchenga woyera pakati pake. Anthu ena anapezeka naikidwa. Ambiri sanapezeke. Mayi Rosaria anali mmodzi wa osapezekawo.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi Dokotala Sheila anaitananso gulu lake pa Chitakale.

"Zomwe tili nazo ife ndi ochepa amene ali nazo," anatero. "Tikudziwa mmene mabanjawa ankakhalira tsoka lisanagwe. Tikawafunsanso tsopano tidziwa amene akudzuka, ndi chimene chikuwadzutsa."

Marjory akuti mawuwo anamveka ngati a munthu amene watola mwayi. Koma adokotalawo anapitiriza.

"Ndipo ndikufuna nyumba zonse, mazana anayi. Mukangofunsa okhawo osavuta kuwapeza, lipoti lidzanena kuti anthu achira, ndipo akuluakulu adzakhulupirira. Osowawo ndiwo nkhani yeniyeni. Apezeni."

Marjory anapatsidwa nyumba zake zomwe zija. Opulumuka a mudzi uja ankakhala m'zisakasa za malona kuseri kwa tchalitchi. Anakwera njinga ya Lenard, nakapeza a Agostino akusema mpini wa piki. Pambali pawo panakhala a Dario, mchimwene wawo wa mayi Rosaria, amene ndiye anali mwinimbumba.

Atapereka moni wa Chilomwe, anatsegula tabuleti. Pa dzina la mayi Rosaria makinawo ankafuna asankhe chimodzi mwa zinayi: wasamuka, wakana, wamwalira, sanapezeke.

"Lembani kuti wamwalira," anatero a Dario.

"Lembani kuti sanapezeke," anatero a Agostino, osadzutsa mutu.

"Alamu, Loweruka tikuika thunthu la nthochi. Tinagwirizana kale."

"Munagwirizana. Ine ndinakwatira nthochi?"

Kwa amene simudziwa, munthu akatayika m'madzi kapena m'phiri, mtembo wosaoneka, amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti maliro atsekedwe. Mabanja ena onse a mudziwo anali atachita kale zimenezi. Sabata yotsatira lole inali kubwera kudzawasamutsira kumalo atsopano, kutali ndi phiri, ndipo a Dario sankafuna kuchoka akusiya maliro a mlongo wawo ali otsegula.

"Mwanawe," a Dario anatembenukira kwa Marjory, "munthuyu wakumba maenje khumi ndi limodzi. Yekha. Manja akewo taaonani. Akukumba paliponse ngati nkhumba, chifukwa pomwe panali nyumba sakupadziwa."

"Inu mukupadziwa, kunyadu?" Ndi mmene amatchulira mlamu kutsidya, ndipo a Agostino ankatero akapsa mtima. "Mango uja ali kuti? Chulu chija chili kuti? Ndilozereni chimodzi chokha, ndiyambire pamenepo."



"Mkazi wanga anali m'nyumba," a Agostino anauza mpini uja. "Mvula yotero akanapita kuti? Ndikapeza nyumba ndamupeza."

Apa m'pomwe Marjory analankhula asanaganize.

"Bambo, makinawa akudziwa pomwe panali nyumba yanu."

Mpeni unaima.

Panali vuto limodzi. Zonse za m'kafukufuku ndi zachinsinsi, ndipo wofunsidwa aliyense analonjezedwa kuti zomwe wanena sizidzauzidwa munthu, ngakhale mwamuna wake. Marjory anaimbira Dokotala Sheila. 

"Kadontho kokha," anatero adokotala pomaliza. "Mayankho ayi. Ndipo ndibwera ndekha."

Linali Lachiwiri. Lachitatu m'mamawa anakwera chitunda, Marjory patsogolo ndi tabuleti, amuna khumi ndi awiri pambuyo ndi mapiki, mafosholo ndi zitsulo zotukulira miyala. Lenard anasiya njinga tsiku limenelo, chifukwa azakhali ake nawonso anaikidwa nthochi. Akuti pamalopo sipalira mbalame. Umangomva mpweya wako ndi mchenga kulira pansi pa nsapato. Ankakwera mwala, kutsika, kukweranso wina, Marjory akuwerenga manambala mokweza.

"Mamita makumi anayi. Makumi awiri. Asanu ndi awiri. Atatu."

Anaima pakati pa miyala iwiri yotalika kuposa munthu.

"Ndi pano."

A Agostino sanayang'ane pansi. Anayang'ana kuphiri, n'kutembenuka, n'kuyang'ananso.

"Ndikakhala pakhonde," anatero pang'onopang'ono, "thanthwe lakuthwa lija linkakhala kumanzere kwanga. Ndipo silinkaoneka lonse chonchi."

"Alamu, phiri lenilenilo lasuntha, inu mukuti thanthwe?" anatero a Dario. "Miyezi isanu ndi umodzi mwakhala mukukumba ndi maso anuwo, mwapezanji? Lero mukufuna kutsutsana ndi setilaiti?"

Amuna aja anaseka pang'ono. A Agostino anafunsa adokotala ngati makinawo amanama.

"Akalakwa amalakwa ndi mapazi asanu, bambo," anayankha Dokotala Sheila. "Osaposa."

A Agostino analavulira m'manja natola piki.

Anakumba tsiku lonse. Mwala umodzi unakana zitsulo, ndiye a Agostino, munthu wa ng'anjo, anauunjikira nkhuni, kuuwotcha mpaka unayera, n'kuuthira madzi ozizira. Unasweka ndi phokoso lomwe linabwerera kuchokera kuphiri, ndipo onse anaima kuyang'ana kumtunda, okonzeka kuthawa. Palibe anaseka mnzake.

Lachinayi masana dzenje linali litafika m'khosi. Panalibe njerwa, panalibe lata, panalibe ngakhale phale la mphika. Lenard anatola kamwala m'dzenjemo n'kukaponya kunja, pafupi ndi mapazi a Marjory.

"Achemwali, a Agostino ankamanga nyumba ndi mazira?" anatero. "Taonani kusalala kwake. Ngati ya kumtsinje."

Marjory anakatola. Kanali kozungulira, kozizira, kosalala ngati sopo wotha. Akuti sanakumbukire kanthu nthawi yomweyo, koma mawu oti kumtsinje anamukhala m'mutu. Anatsetsereka kupita kugalimoto ya adokotala, nawapempha kuti amutsegulire mawu a nyumba 217, a chaka chatha aja. Anaika zomvera m'makutu.

Chinthu choyamba kumva anali madzi. Madzi oyenda, akuseka pamiyala. Kenako phaa, phaa, phaa, nsalu yonyowa ikumenyedwa pamwala. Kenako mawu ake iye mwini, otopa, akuwerenga za chinsinsi zija.

Zonse zinabwerera. Inali nyumba yachisanu ndi chitatu tsiku limenelo, dzuwa likuswa mtengo. Anapeza chitseko chokhoma. Mayi wina woyandikana nawo anamulozera kumunsi, kukamtsinje, ndipo anatsika kamtunda ndithu, mapazi mazana atatu kapena kuposa. Anapeza mayi Rosaria akuchapa. Makinawo sankalola kuyamba mafunso usanadine batani la malo, choncho anadina pomwepo, n'kudziuza kuti pobwerera adzera kunyumbako akakonze. Pobwerera anadzera njira ya kumunsi.

M'makutu mwake mayi Rosaria ankalankhula, mawu okhuthala, a munthu wokonda kuseka.

"Funsani, mwanawe, makutu sakuchapa nawo."

"M'nyumba mwanu muli wailesi?"

"Ilimo. Imapita kufakitale m'mawa, imabwera madzulo, ikafika siizima."

"Ndikunena wailesi yeniyeni, mayi."

"Imeneyo ndiye yeniyeni. Lembani imodzi."

Phaa, phaa. Anafunsana za makilo a tiyi, za miyezi ya njala, za kalongonda ndi nandolo. Kumapeto kunali funso lomwe ankafunsa aliyense.

"Tikadzabweranso chaka chamawa, tidzakupezani panyumba pomwe paja?"

"Kunyumba? Kunyumba ndimangogonako. Mukadzandifuna mudzabwere pamwala wanga uno. Ngati sindikuchapa, ndikuvuula chinangwa. Amuna anga amati anakwatira nkhanu."

Marjory anavula zomvera zija nazipereka kwa adokotala. Dokotala Sheila anamvetsera pang'ono chabe, nkhope n'kusintha.

"Ndi nyumba zingati zina zomwe unachita chonchi?"

Akuti atangofunsa anadzigwira pakamwa. Anayang'ana kumtunda komwe fumbi linkatuluka m'dzenje.

"Pepa. Zimenezo tidzakamba tsiku lina." Anapuma. "Ine ndawauza bambo aja kuti makina salakwa. Tiye tonse."

Marjory anandiuza kuti chitunda chimenecho anachikwera akuganiza zongokhala chete. Mawa Lachisanu akumbe, alephere, Loweruka aike nthochi, lole ibwere. Ndani akanadziwa? Koma anati akaganiza choncho ankamva phaa, phaa, kumbuyo kwake, ngakhale zomvera zinali m'thumba la adokotala.

Anafika pamphepete pa dzenje nagwada pamchenga.

"Bambo, ndakulakwirani. Pano si panyumba panu."

Mafosholo anaima limodzi ndi limodzi. Marjory anafotokoza zonse, osadzikhululukira.

"Masiku awiri!" anakuwa a Dario. "Masiku awiri anthu asiya maganyu awo! Munthuyu ananena dzulo kuti si pano, ife n'kumuseka chifukwa cha chifoni chanucho!"

"Munamuseka ndinu, madala," anatero Lenard.

"Iwe khala chete!"

Ena anali atayamba kale kutuluka m'dzenje, akukuntha mchenga m'mabuluku. A Agostino okha anatsala pansi, atatsamira piki.

"Mwanawe," anatero. "Ukuti munali kumtsinje. Pati?"

"Pamwala wafulati, bambo. Waukulu ngati mphasa. Kumbali kwake kunali kadziwe."

"Wakumbukira bwanji lero?"

Marjory anayang'ana adokotala. Dokotala Sheila anayankha okha kuti makinawo anajambula mawu.

"Mawu a ndani?"

"A mayi Rosaria," anatero Marjory.

"Chithunzi chake ndilibe," anatero a Agostino. "Nsalu yake ndilibe. Ngakhale supuni. Inu muli ndi mawu ake m'thumba?"

"Tinawalonjeza kuti sitidzauza munthu," anatero adokotala, mawu atatsika. "Ngakhale inu. Anadinda chala."

"Ndamva."

Sanapemphenso. Lenard akuti zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoima m'dzenjemo, mchenga uli m'tsitsi, akuyang'ana thumba la adokotala. Dokotala Sheila anavula nsapato zawo, natsikira m'dzenje chokhala, n'kuwaika zomvera zija m'makutu ndi manja awo.

Amene anali kuchoka anabwerera. Palibe ankamva kanthu koma bambo aja okha. Anatseka maso. Patapita kanthawi anaseka, kuseka kwenikweni, mapewa akugwedezeka. "Wailesi," anatero. "Mfiti iwe." Kenako kuseka kunatha. Anamvetsera mpaka kumapeto, navula zomvera zija, nazibweza ndi manja awiri.

Anatola piki.

"Tikumbe."

"Alamu," anatero a Dario, tsopano mofatsa, "mwamva. Pano ndi pamtsinje."

"Ndamva."

"Ndani amachapa mvula ya masiku atatu?"

"Sanapite kukachapa. Lachisanu, mvula isanayambe, ananyika thumba la chinangwa pakadziwe paja, analimangirira kumwala. Ndinamunyamulira ndine." Anayang'ana mlamu wawo. "Madzi akukwera, thumba lathunthu lili m'madzi. Mlongo wanu mumamudziwa, kunyadu. Akanakhala m'nyumba n'kupinda manja?"

A Dario anatembenuka. Anayang'ana kumtunda komwe kunayenera kukhala nyumba, komwe a Agostino anakumba maenje khumi ndi limodzi. Kenako anavula malaya natsikira m'dzenje.

Ambiri anapita, ndipo sindiwadzudzula, anali ndi ana oti adye. Lachisanu anatsala asanu: a Agostino, a Dario, Lenard, Marjory ndi Dokotala Sheila. Amayi awiriwo ankasenza mchenga m'mabeseni. Kutchalitchi thunthu la nthochi linali litadulidwa kale, litatsamizidwa kukhoma, nsalu yoyera itagulidwa.

Chiperoni chinatsika tsiku limenelo, cha mochedwa, nkhungu yokhayokha, moti phiri silinkaoneka koma unkalimva kuti lilipo. Mchenga wa pansi unayamba kutuluka wonyowa. Lenard akuti ukaika khutu pakhoma la dzenje unkamva madzi akuyenda mkati, kamtsinje kaja kakupitabe njira yake pansi pa miyala ngati sikanamve kuti mudzi unatha.

Cha m'ma 3 koloko fosholo la a Dario linakhulula chinthu chafulati. Anasesa ndi manja. Unali mwala wotambalala, wosalala, pakati pake polowa pang'ono pomwe nsalu zinaudya zaka ndi zaka.

"Ndi umenewu," anatero Marjory.

Kumunsi kwake, pomwe mwalawo unapanikizana ndi unzake, panatuluka kansonga ka nsalu. Anasiya zitsulo. Anafukula ndi zala mpaka dzuwa linapendeka. Anali mafupa a munthu mmodzi, wamkulu, osakwanira onse, atakulungika m'chitenje cha amayi a mpingo, chobiriwira chija chokhala ndi mitanda. Thumba la chinangwa panalibe. Panali kachingwe ka nayiloni chabe, komangidwa kumwala.

A Agostino anagwira nsaluyo nthawi yaitali.

"Ndi yemweyu," anatero.

Onse anayang'ana a Dario, poti mawu omaliza anali a mwinimbumba. A Dario anagwada, nayang'ana mafupawo, nayang'ana nsalu, nayang'ana mlamu wawo ndi manja ake osweka aja. Lenard akuti anachedwa kuyankha kuposa mmene munthu amachedwera akazindikira mlongo wake.

"Ndi yemweyu," anatero a Dario.

Loweruka anaika maliro enieni, m'bokosi laling'ono. A Agostino anaponya dothi, ndipo sabata yotsatira anakwera lole pamodzi ndi anzawo, osakokedwa ndi munthu. Thunthu la nthochi lija palibe analimba mtima kulitaya. Linatsala chotsamira kukhoma la tchalitchi, ndipo patapita masiku pakati pake panatuluka tsamba lanthete, lopindika, monga mathunthu odulidwa amachitira. Amayi ankalambalala khoma limenelo.

Marjory anamaliza fomu ya nyumba 217 Lachisanu lomwelo, ali pamphepete pa dzenje. Anasankha kuti wamwalira. Makinawo anamuuza kuti aime pachitseko cha nyumba adine batani. Anadina pomwe anaimapo. Manambala anatuluka omwewo a chaka chatha, mpaka komalizira.

Nyumba zina zisanu ndi imodzi anaziulula kwa adokotala kuti nazonso anadinira kumunda kapena kushedi yoyezera tiyi, ndipo zinakonzedwa. Lipoti linatuluka. Linati mabanja omwe anali ndi munthu kufakitale anadzuka msanga kuposa olima okha. Dokotala Sheila anamuimbira Marjory kumuuza kuti makina owerengera anaika nyumba 217 pakati pa zotukuka, chifukwa malipiro omwe ankadya anthu awiri tsopano ankadya mmodzi. Anati anaichotsa pagulu limenelo n'kulemba chifukwa chake pansi pa tsamba, m'zilembo zing'onozing'ono. Za mawu aja anakadziulula okha kwa akuluakulu awo. Zomwe anawayankha sindinazimve.

Marjory kafukufuku anasiya. Pano akuphunzitsa. Amachapa m'beseni, pakhonde, ndipo nsalu samenya pamwala, amangofikisa ndi manja. Ndinamufunsa ngati amaona kuti analakwa kapena anathandiza. Anati funso limenelo lilibe poyankha pa fomu, n'kundiuza kuti minibasi yanga ikudzadza.

Sindinakwere minibasiyo. Ndinabwerera ku Muloza, ndinamupeza Lenard, nanditengera pamalopo. Dzenje lija likukwiririka lokha. Ndinaika khutu pamwala, ndipo madzi ndinawamvadi. Kenako ndinaima n'kuyang'ana kumtunda, njira yomwe miyala inadzera, ndi kufunsa Lenard kuti kumtundako kunali nyumba zingati.

"Makumi awiri ndi kanthu, madala."

"Amayi a mpingo analiko angati?"

"Pafupifupi khomo lililonse."

"Chitenje chobiriwira chija anali nacho angati?"

Lenard anayamba kupukuta chishalo cha njinga, chomwe chinali choyera kale.

Ndayenda kwambiri ndipo ndanamizidwa kwambiri, koma Lenard ndi Marjory sindikuganiza kuti anandinamiza. Kadontho kanalakwika, anakumba, anapeza munthu pamwala. Zimenezo ndikuvomera. Chomwe ndikukayika ndi munthuyo. Matope amene anagubuduza miyala yaikulu ngati tchalitchi sakanasiya mayi mmodzi pomwe anamupeza. Aliyense wokokoloka kumtunda akanatha kukodwa pamwala umenewo. Ndikuganiza kuti a Dario anaziona zimenezi atagwada paja, nasankha kuti mlamu wawo aleke kukumba.

Ine sindikhulupirira kuti amene anaikidwa Loweruka lija ndi mayi Rosaria. Ndikuganiza kuti ndi mayi wina wa kumtunda, amene abale ake anaika kale nthochi, ndipo mayi Rosaria akadali pansi pa miyala ija, pamalo omwe sakuwadziwa munthu kapena makina. A Agostino sindinakawaone, ndipo sindipitako.